Chiwerengero ndi Chiyembekezo: Kodi Njira Zothandizira Kubereka Zimapindula Motani?

Mau Oyamba

Palibe wansembe amene adakhala pa parishi zaka zingapo osakumana ndi banja losowa mwana. Kawirikawiri amabwera madzulo, anthu atabalalika, ndipo nkhani yao amaiyambira patali: ukwati udadalitsidwa kalekale, achibale ayamba kulankhula, kwa asing'anga adapitako kale mobisa. Masiku ano ena mwa mabanja otere amafika ndi nkhani yatsopano. Adamva kuti ku South Africa kapena ku India kuli zipatala zimene zimakumanitsa dzira la mai ndi mbeu ya bambo kunja kwa thupi, ndi kuti kumeneko mwana ngwotsimikizika malinga munthu akhale ndi ndalama. Ena ali okonzeka kugulitsa munda, ng'ombe ngakhale nyumba.

Ife ku seminale tidaphunzira kuyankha funso lakuti, "Kodi nzololedwa?" Koma m'mitima ya anthuwa muli funso lina limene limatsogola, lakuti, "Kodi zimatheka?" Mbusa amene sadziwa yankho la funso limeneli amaoneka ngati munthu wotsekera anzake chitseko cha chimwemwe chotsimikizika. Tsono m'nkhani ino tifuna kufotokoza zimene kafukufuku waonetsa pa zotsatira za njira zimenezi, m'mene tingawerengere ziwerengero zake mosanyengedwa, ndiponso m'mene zonsezi zikhudzira ntchito yathu. Tidzatsamira kwambiri pa ziwerengero za ku Britain, popeza njirayi idabadwira kumeneko, ndipo lamulo la dzikolo limakakamiza chipatala chilichonse kupereka lipoti la ntchito yake.

1. Kukula kwa Vuto

Madokotala amati banja lili ndi vuto la kusabereka ngati latha miyezi 12 likukhalira pamodzi monga mwa ukwati, osalera, koma mai osaima. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake, ndi kuti kusiyana kwa maiko olemera ndi osauka pa nkhaniyi nkochepa kwambiri.

Tiyenera kudziwanso muyeso wa chilengedwe, pakuti popanda umenewu ziwerengero zina zonse sizingamveke. Ngakhale banja la achinyamata athanzi, mwai woti mai aime pa mwezi umodzi uli pafupifupi umodzi mwa 4 kapena 5. Komabe miyezi ikamawunjikana, mabanja oposa 80 pa 100 alionse, amene mai sadafike zaka 40, amaona pathupi chaka chisanathe, ndipo pafupifupi theka la otsalawo amaona m'chaka chachiwiri. Ndiye kuti ena amene amathamangira chithandizo akadabereka ndithu pongodikira, ndipo mankhwala kapena sing'anga amalandira ulemu wa ntchito imene sadagwire. Chinanso nchakuti vuto silikhala mwa mkazi yekha ai. M'banja limodzi mwa atatu alionse ovutika, mwinanso kuposerapo, chifukwa chake chimapezeka mwa mwamuna.

2. Chiyambi cha IVF ndi Kachitidwe Kake

Pa 25 July 1978, m'chipatala cha ku Oldham ku England, mudabadwa Louise Brown, mwana woyamba amene moyo wake udayambira kunja kwa thupi la mai wake. Ntchitoyi adaigwira anthu atatu: dokotala Patrick Steptoe, katswiri wa sayansi Robert Edwards, ndi namwino Jean Purdy. Dziko lidakondwerera mwana mmodziyo, koma mabuku ao atafufuzidwa pambuyo pake adaonetsa kuti pakati pa 1969 ndi 1978 amai 282 adalowa nawo m'kuyesaku, mimba zodziwika zidali 5 zokha, ndipo ana obadwa amoyo adali awiri. Kuyambira pa chiyambi pomwe, chithunzi cha khanda chidafala kuposa chiwerengero cha amai obwerera kwao chimanjamanja.

Njirayi, imene imadziwika ndi zilembo zakuti IVF, imayenda motere. Mai amabayidwa jakisoni kwa masiku pafupifupi 10 kapena kuposerapo kuti thupi lake likhwimitse mazira ambiri nthawi imodzi m'malo mwa limodzi. Mazirawo amatengedwa ndi singano nkukumanitsidwa ndi mbeu ya mwamuna mu labotale. Amene agwirizana ndi mbeu amasanduka miluza, imene imasungidwa masiku atatu kapena asanu. Pamenepo mluza umodzi kapena iwiri imaikidwa m'chiberekero, ndipo yotsala imaumitsidwa m'chisanu choopsa kapena kutayidwa. Pa sitepe iliyonse pamakhala kuchepa: si mazira onse amakhwima, si okhwima onse amagwirizana ndi mbeu, si miluza yonse imakula, ndipo si yoikidwa yonse imakhazikika.

Luso lidapita patsogolo. Mu 1984 ku Australia kudabadwa mwana wochokera ku mluza woumitsidwa, ndipo chaka chomwecho chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chidaona mwana woyamba wa IVF wa ku South Africa. Mu 1992 akatswiri a ku Brussels adalengeza njira ya ICSI, yobayira mbeu imodzi yokha m'kati mwa dzira, imene idatsegulira khomo amuna a mbeu yochepa kapena yofooka. Edwards adalandira mphotho ya Nobel mu 2010, ndipo pofika 2018 ana obadwa mwa njirazi adali ataposa 8 miliyoni pa dziko lonse.

3. Kodi Akuwerenga Chiyani?

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chipatala chikanena kuti chimapambana ka 40 pa 100, tifunse mafunso awiri: kodi 40 ameneyu ndi wa chiyani, nanga 100 ameneyu ndi wa yani?

Tiyeni tipeke chitsanzo chongothandiza kumvetsa. Amai 100 ayamba kubayidwa jakisoni. Mwa iwo 10 thupi lao silikhwimitsa mazira okwanira, ndipo ntchito ilekezera pomwepo. Enanso 10 mazira atengedwa koma palibe mluza woyenera kuikidwa. Otsala 80 alandira mluza, ndipo 32 apezeka ndi pathupi. Mwa amenewa 7 apita padera, 25 abereka. Chipatala chikawerenga mimba pa amai olandira mluza, chidzati 32 mwa 80, kumene kuli 40 pa 100. Koma tikawerenga ana obadwa pa amai onse amene adayamba ndi kulipira, tipeza 25 pa 100. Ziwerengero zonse ziwiri nzoona, koma chimene banja lifuna kudziwa ndi chachiwiricho, pakuti silikufuna pepala lotsimikiza mimba koma mwana wom'bereka kumsana.

Palinso njira ina yokometsera chiwerengero popanda kunama, ndiyo kusankha odwala. Chipatala chimene chimabweza amai achikulire ndi ena ovuta kuthandiza chidzaoneka chaluso kuposa chinzake cholandira aliyense. Nchifukwa chake chiwerengero chosatchula zaka za amai nchopanda phindu.

4. Zaka za Mai

Ku Britain lamulo la 1990 lidakhazikitsa bungwe la HFEA, limene lidayamba ntchito mu 1991 ndipo limalemba kuyesa kulikonse kochitika m'dzikomo. Ziwerengero zake za chaka cha 2019, zowerenga kubadwa kwa mwana wamoyo pa mluza uliwonse woikidwa m'chiberekero, mwa amai ogwiritsa ntchito mazira ao ndi mbeu ya amuna ao, zidali motere: osafika zaka 35, 32 pa 100, zaka 35 mpaka 37, 25 pa 100, zaka 38 ndi 39, 19 pa 100, zaka 40 mpaka 42, 11 pa 100, zaka 43 ndi 44, 5 pa 100, opitirira zaka 44, 4 pa 100.

Pano tiphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, kupita patsogolo kulipo ndithu ndipo sitiyenera kukukana: kwa amai a zaka 35 mpaka 37 chiwerengerochi chidali 6 pa 100 mu 1991, ndipo pofika 2019 chidakwera kanai. Chachiwiri, ngakhale m'gulu la mwai kwambiri, miluza iwiri mwa itatu yoikidwa siifika pobadwa. Chachitatu, zaka za mai zimalamula zotsatira kuposa china chilichonse.

Chifukwa chake chili m'dzira momwemo. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa miliyoni imodzi ndi mamiliyoni awiri, ndipo thupi lake silipanganso ena. Pofika potha msinkhu amatsala mazana angapo a zikwi, ndipo amene adzakhwime pa moyo wake wonse ndi 400 kapena 500 okha. Zaka zikamapita, mazirawo amachepa ndiponso amalakwitsa kawirikawiri pogawa tizigawo tonyamula chibadwa cha munthu. Mluza wochokera ku dzira lotere sukhazikika, kapena umapita padera. Umboni wake ngwakuti mai wachikulire akalandira dzira la mtsikana wina, mwai wake umafanana ndi wa mwini dzirayo. Chimene chimakalamba msanga ndi dzira, osati chiberekero, ndipo palibe labotale imene yapeza njira yolibwezera ubwana.

Izi zikhudza kwambiri mabanja amene amabwera kwa ife. Ambiri amaganiza za IVF atatha zaka 10 kapena 15 akuyendayenda ndi kusonkha ndalama, mai atayandikira zaka 40. Amafika pa chitseko nthawi imene mwai wachepa kwambiri.

5. Kubwereza

Wina angati: ngati kamodzi sikakwanira, bwanji osabwereza? Funsoli lidafufuzidwa. Mu 2015 magazini ya madokotala ya JAMA idafalitsa kafukufuku wa amai 156,947 a ku Britain amene adayamba IVF pakati pa 2003 ndi 2010. Pa ulendo woyamba, kuphatikiza miluza youmitsidwa yochokera pa ulendo womwewo, 29.5 pa 100 adabereka. Ofufuzawo adawerengera kuti pofika ulendo wachisanu ndi chimodzi 65.3 pa 100 akhoza kubereka. Kwa amai a zaka 40 mpaka 42 ziwerengerozo zidali 12.3 pa ulendo woyamba ndi 31.5 pofika wachisanu ndi chimodzi. Kwa opitirira zaka 42 ulendo uliwonse udali pansi pa 4 pa 100.

Tsono 65.3 uja tisamale naye. Sikuti amai onsewo adayesadi kasanu ndi kamodzi. Ambiri adalekera panjira chifukwa cha kutha kwa ndalama, kutopa kwa thupi, kusweka mtima, kapena uphungu wa dokotala. Chiwerengerocho chidapezeka poyerekeza zimene zikadachitika olekawo akadapitiriza. Tikawawerenga monga adatheradi, chimatsika kwambiri. Ndipo ngakhale titachilandira monga chilili, banja limodzi mwa atatu limatsala lopanda mwana litayesa kasanu ndi kamodzi. Kwa munthu amene wagulitsa munda kuti alipire ulendo umodzi wokha, chiwerengero chomukhudza ndi cha ulendo woyamba basi.

6. Zimene Chiwerengero Sichitchula

Poyamba madokotala ankaika miluza ingapo nthawi imodzi kuti mwai ukule. Zotsatira zake zidali mapasa ambiri: ku Britain m'zaka za m'ma 1990 pafupifupi 28 pa 100 mwa amai obereka mwa IVF ankabereka ana oposa mmodzi, pamene mwa chilengedwe ndi mmodzi kapena awiri pa 100. Banja lolira mwana lingaone mapasa ngati dalitso lowirikiza, koma mimba yotere imabweretsa kubadwa masiku asanakwane, kuchepa thupi kwa makanda, ndi kuthamanga kwa magazi kwa mai. Atalimbikitsa zoika mluza umodzi umodzi, chiwerengerocho chidatsika kufika 6 pa 100 mu 2019. Kumene kulibe lamulo lotere, chiyeso choika miluza yambiri chikadalipo. Palinso matenda otupitsa thupi obwera ndi jakisoni zokhwimitsa mazira, amene mwa amai owerengeka amafika poika moyo pachiswe. Zipatala zina zimagulitsanso zoonjezera zamtengo wapatali, zimene zambiri mwa izo bungwe la HFEA lidapeza kuti zilibe umboni wokwanira wakuti zimachulukitsa ana obadwa.

Koma chiwerengero cholemera koposa kwa ife ndi cha miluza. Kumapeto kwa 2012 nyumba ya malamulo ya ku Britain idauzidwa kuti chiyambire 1991 miluza yoposa 3.5 miliyoni idapangidwa m'dzikomo, kuti pafupifupi 1.4 miliyoni idaikidwa m'chiberekero, ndi kuti pafupifupi 1.7 miliyoni idatayidwa. Amene amaona mluza ngati kanthu wamba sadzadodoma ndi zimenezi. Ife amene timaphunzitsa kuti munthu ayenera kulemekezedwa kuyambira pamene moyo wake wayambika, sitingawerenge obadwa okha nkuiwala enawo. Ena amayankha kuti ngakhale mwa chilengedwe miluza yambiri imatayika mai asanadziwe kuti waima, ndipo izi nzoona. Kusiyana kwake nkwakuti m'chilengedwe palibe dzanja la munthu losankha woti akhale ndi woti atayidwe.

7. Chiphunzitso cha Eklezia ndi Njira Zochiritsa

Papa Pius XII adalankhulapo kale pa nkhani zotere mu 1949 ndi mu 1956. Chiphunzitso chatsatanetsatane chili m'chikalata cha Donum Vitae cha 1987 ndi cha Dignitas Personae cha 2008, ndipo Katekisimu amachifupikitsa pa nambala 2373 mpaka 2379. Mfundo zake ndi zitatu: moyo wa mluza ulemekezedwe, mwana abadwe kwa mwamuna ndi mkazi okwatirana, popanda dzira, mbeu kapena chiberekero cha munthu wachitatu, ndipo luso la dokotala lithandize mgwirizano wa m'banja, osaulowa m'malo. Tizindikire kuti chiweruzo chimenechi sichitsamira pa chiwerengero. IVF ikadapambana ka 100 pa 100, mfundo yachitatu ikadaimabe. Choncho tisamagwiritse ntchito kulephera kwa njirayi ngati mtsutso wathu waukulu, pakuti luso likadzakweranso mtsutsowo udzagwa. Ziwerengero timaziphunzira chifukwa anthu athu ali ndi ufulu womva zoona.

Eklezia sakana chipatala. Dignitas Personae imatchula poyera njira zololedwa: mankhwala okonza kakhwimidwe ka mazira, opaleshoni yochotsa zotupa, ndi kutsegula njira za mazira zotsekeka. Nazonso zili ndi ziwerengero zake. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2014, wa amai 750 amene mazira ao sankakhwima bwino, adapeza kuti pomwa mankhwala mpaka maulendo asanu, 27.5 pa 100 adabereka ndi mankhwala a letrozole, ndipo 19.1 pa 100 ndi a clomiphene. Amenewa ndi mapiritsi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi IVF.

Muyeso umene tayesera ena tiyesere nawonso za kwathu. Njira ya NaProTechnology, imene Thomas Hilgers adaiyambitsa ku Omaha ndipo Akatolika ambiri amaiyamikira, idafufuzidwa ku Ireland. Lipoti la 2008 lidapereka 52.8 pa 100 kwa opitiriza mpaka miyezi 24, koma powerenga onse oyamba, obereka adali 25.5 pa 100, ndipo padalibe gulu lina lofananitsa nalo. Sikungakhale chilungamo kudzudzula zipatala za IVF chifukwa chosankha chiwerengero chokoma, ife nkumalalika 52.8 yekha. Njira ikakhala yololedwa sindiye kuti ngotsimikizika.

Ku Africa kuno pali mfundo ina yofunika koposa. Kafukufuku wa WHO wochitika m'maiko 25 pakati pa 1979 ndi 1984 adapeza kuti mwa amai osabereka amene adayesedwa ku Africa, oposa 85 pa 100 vuto lao lidachokera ku matenda opatsirana, ndipo 49 pa 100 njira zonse ziwiri za mazira zidali zotsekeka, pamene m'maiko olemera adali 11 pa 100. Oyambitsa ake ndi chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana, matenda olowa pobereka mopanda ukhondo kapena pochotsa mimba, ndiponso likodzo, limene lili ponseponse m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo athu ndipo limatha kuononga ziwalo zoberekera. Njira ikatsekeka kwambiri, ngakhale opaleshoni siithandiza kawirikawiri. Koma matenda onsewa ngopeweka, ndipo amachizika akagwidwa msanga. Potero kukhulupirika m'banja, kupita msanga ku chipatala mwamuna ndi mkazi pamodzi, kuchirira kwa azamba ophunzira, ndi kumwa mankhwala a likodzo, zimateteza mabanja ambiri kuposa amene labotale ingawathandize.

8. Udindo wa Mbusa

Nanga banja lija likakhala patsogolo pathu, titani? Tiyambe ndi kumvetsera, pakuti chilakolako cha mwana nchoyera, ndipo Malembo sabisa misozi ya Sara, Rakele, Hana ndi Elizabeti. Kenaka tiwatumize ku chipatala onse awiri, ndipo msanga, popeza taona kuti chaka chilichonse chotayika chimachepetsa mwai. Kuyesa mbeu ya mwamuna nkosavuta ndiponso nkotsika mtengo, ndipo kungachotse pa mutu pa mkazi mlandu umene wausenza yekha zaka zambiri. Pamene vuto lapezeka mwa mwamuna, tikhale tcheru ndi uphungu wa achibale wofuna kulowetsa fisi m'nyumba, ndipo pamene lapezeka mwa mkazi, titeteze ukwati ku mitala ndi kusudzulana. Ukwati wopanda mwana ndi sakramenti lathunthu.

Akafunsa za IVF, tiwauze zonse ziwiri: chimene Eklezia amaphunzitsa ndi zifukwa zake, ndiponso chimene ziwerengero zimanena kwa mai wa zaka zimenezo. Tisachepetse chiwerengero kuti tiwaopseze, ndipo tisawalonjeze kuti novena kapena njira yololedwa idzabweretsa mwana mosalephera. Tiwakumbutsenso za nzeru ya makolo yakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, pakuti ana amasiye osowa owalera ali m'miphakati yathu yonse. Koma uphungu umenewu uperekedwe pa nthawi yake, osati ngati chotsekera pakamwa munthu amene akulirabe.

Potsiriza, tidzakumana ndi amene adapita kale. Ena adzabwera ndi khanda m'manja. Mu 1978 Kadinala Albino Luciani wa ku Venice, masabata ochepa asanasankhidwe kukhala Papa John Paul I, adafunsidwa za Louise Brown. Iye adaonetsa nkhawa yake pa njirayo, koma mwanayo adamufunira zabwino zonse ndipo adakana kuweruza mitima ya makolo ake. Donum Vitae nayo imaphunzitsa kuti mwana aliyense, ngakhale adabwera mwa njira yotani, alandiridwe ngati mphatso ya Mulungu. Timubatize ndi chimwemwe chonse. Koma malinga ndi ziwerengero zimene taona, ambiri mwa oyesa kamodzi adzabwerera opanda mwana, opanda munda, mwinanso ndi manyazi oopa kuonekera pamaso pathu. Chipatala chidatseka kale buku lao. Amenewa ndi amene tiyenera kukawayendera kunyumba kwao, osadikira kuti abwere okha.